Mawu Khumi ndi Awiri a aMaloko

AMaloko sankasunga chinthu chathunthu pamalo amodzi. Aliyense wa mumsewu mwathu angayambe wakuuzani zimenezi asanakumbukire ngati munthuyo anali wamtali kapena wamfupi. Akavula nsapato madzulo, yakumanja inkagona kunsi kwa bedi, yakumanzere kukhitchini kuseri kwa ndowa, ati wakuba wa nzeru zake sangathawe ndi nsapato imodzi. Wailesi inkakhala kunyumba, mabatire ake kushopu. Njinga ndiye musanene. Chishalo ankayenda nacho m'khwapa, tcheni m'thumba la jekete, chotsalacho n'kuchikhoma maloko awiri pa polo ya magetsi. Pofika poti aimange yonse akwere, woyenda wapansi amakhala atafika kale n'kubwerako.

Dzinalo linachokera ku ntchito yawo. Ankadula makiyi ndi kukonza maloko m'kashopu koyandikana ndi kanga. Ine ndimasoka, ndipo pakati pathu panali khoma la matabwa lopyapyala moti iwo akayetsemula, ine ulusi unkasololoka pa singano. Tinakalamba limodzi choncho, makina anga akulira uku, tupa yawo ikukwecha uko.

Tsiku lina zitandikwana ndinawafunsa. "Inu aMaloko, maloko mumagulitsa ndinu. Nanga bwanji simuwakhulupirira?"

"Chifukwa ndimawadziwa m'mimba mwake, aTelala. Palibe loko amene anandikanikapo. Ndiye ndikhulupirire chiyani?"

"Nanga anthu mumawagulitsiranji?"

"Kuti azigona tulo. Ine ndimagulitsa tulo."

Amene ankasenza mtolo wa khalidwe limeneli anali akazi awo, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Chaka china aMaloko anapita ku ukwati wa m'bale wawo, mayiwo ali kuchipatala kodwazika matenda. Chitseko anachikhoma maloko atatu. Kiyi mmodzi anasiyira ine, wina wometa wa pakona, wachitatu wogulitsa makala, ndipo aliyense wa ife ankaganiza kuti wasunga kiyi wa nyumba yonse. Mayi aja atabwerako anazungulira msewu wonse ndi chikwama kumutu, dzuwa lili phwee, kufunsa khomo ndi khomo. Atalowa sanakalipe n'komwe. Anangoti, "Koma abambo awa," n'kuteleka madzi a tiyi.

Nyumbayo inali ya lendi. Analowamo ali achinyamata, analereramo mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo mtengo wa mapeyala wa kuseri anadzala ndi mayiwo. Ndiye tsiku lina mwini nyumba anabwera n'kunena kuti akufuna kuigulitsa. Sanali munthu woipa. Anati mwayi woyamba ndi wawo, awadikira asonkhanitse. Kuyambira pamenepo nkhani inali imodzi basi m'banjamo: nyumba ija igulidwe, amayi asadzasamuke ndi imvi.

Mwana wawo wamkazi ndi namwino, amagwira ntchito kunja kwa dziko. Iyeyo ndiye anati azitumiza mwezi ndi mwezi. Koma atumiza kuti? Ku banki aMaloko anakana kwamtuwagalu, ati analowamo kale kukakonza loko wa kabati ndipo zimene anaona sangazinene. Mtsikanayo atatopa anati chabwino, pali njira ina, ndalama za kiriputo, za pa intaneti zosadzera ku banki.

Tsiku lotsegula chikwamacho ndinaitanidwa ine kuti ndizikadina foni, pakuti zala za aMaloko zinali zouma ngati makungwa ndipo galasi la foni silinkazimva. Nkhope ya mwanayo inali pafoni yanga, yotsamiritsa ku botolo la oyilo.

"Adadi, poyamba tiike pulogalamu yeniyeni. Onetsetsani dzina bwinobwino, zabodza zofanana nazo zilipo zambiri. Eya, imeneyo. Chimenechi tsopano ndi chikwama, koma chili m'foni."

"Zipi yake ili pati?"

"Chilibe zipi."

"Loko?"

"Loko alipo. Foni ikuonetsani mawu khumi ndi awiri, achizungu, otsatana mwa ndondomeko yake. Mawu amenewo ndiwo kiyi. Foni itabedwa, itagwera m'madzi, mungogula ina, mulembemo mawuwo motsatana momwemo, ndalama zonse zibwerera."

"Nanga kiyi wa sipeya amasunga ndani?"

"Palibe, adadi. Kulibe ofesi, kulibe manejala. Mukataya mawuwo palibe angakutsegulireni, ngakhale ine."

AMaloko anavula magalasi, n'kuwapukuta pa malaya. Ndinayesa akwiya, koma nditawayang'ana m'maso munali misozi.

"Ukutanthauza kuti pali loko amene wokonza maloko sangatsegule?"

"Ndi zomwezo."

"ATelala, mwamva? Ndakalamba ndikumufunafuna loko ameneyu."

Mwanayo anawatsina khutu mokwanira, ndine mboni. Anati mawuwo alembedwe ndi dzanja papepala. Asajambulidwe pafoni, asatumizidwe pa uthenga, ngakhale kwa iye mwini. Anati adiresi ya chikwama, chingwe chachitali cha zilembo ndi manambala chija, akhoza kupatsa aliyense monga mmene munthu amalozera nyumba yake, koma wina aliyense wopempha mawu aja ndi wakuba, kaya alankhule mwaulemu chotani. Nthawi yoti mawuwo aoneke itakwana, ine ndinathamangitsidwa. Ndinasuzumira pa mng'alu wa matabwa, musandiweruze, ndipo ndinangoona chimulu cha jekete. Anali atadzifunda mutu, foni ndi pepala zonse mkati, ngati munthu wofukiza chimfine.

Kenako mwanayo anatumiza tindalama tochepa toyesera. Tindalamato titalowa, aMaloko anaikhutchumula foni pafupi ndi khutu, anaiyeza kulemera pachikhatho, n'kunena kuti sakumva kusintha kulikonse, chomwe chinawasangalatsa kwambiri. Zotsegula foni ndi chala zinakanika, popeza tupa inali itafufuta mizere yonse ya m'zala. Anaika pini, nambala yachinsinsi yodziwa okha. Atamva kuti foni ikhoza kudzipukuta yokha, zonse za mkati n'kufufutika, munthu akalakwitsa pini kangapo, anati, "Chimenecho ndiye chofunika," n'kuchitchera.

Mavuto anayamba ndi pepala lija. Munthu amene nsapato ankazigoneka zipinda ziwiri, lero asunge nyumba yonse pa kapepala kamodzi? Analibisa kudenga, n'kukumbukira mvula. Analiika m'chitini n'kukwirira, n'kukumbukira chiswe. Analisokerera m'chipewa, mphepo n'kuwomba. Munthu anayamba kuonda tikuona. Ankadula makiyi okhota, makasitomala n'kumabwerera akulalata.

"Muwapatse amayi asunge," ndinatero ine.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ndinatseka pakamwa n'kubwerera ku makina anga.

Tsiku lina masana foni yawo inalira. Poti ankalankhula nthawi zonse foni ili yokweza mawu, ndinamva zonse.

"Bwana wanga, tikuimba kuchokera ku likulu la chikwama chanu. Taona kuti akuba akuyesa kulowa. Kuti tikutetezeni, tiwerengereni mawu anu khumi ndi awiri msangamsanga."

"Ha, mwachita bwino mwana wanga," anatero aMaloko, mawu akunjenjemera ngati nkhalamba yosadziwa kanthu. "Dikira ndipeze magalasi."

Magalasiwo anawafuna mpaka ine kumaliza kupinda siketi. Kenako anayamba kumuwerengera mawu a pa chitini cha polishi. Mnyamata uja akati sakulowa, iwo amati pepani ndadumpha mzere, n'kuyamba a pa paketi ya misomali. Anamupatsa mawu a pa kalendala, a pa botolo la guluu, mpaka a pa lebulo ya jekete. Wakubayo anayamba ndi "bwana wanga", anatsikira pa "madala", ndipo pomaliza anawatchula mayina amene sindingalembe pano.

AMaloko anaseka mpaka kukhosomola. Ndiye kuseka kuja kunaduka mwadzidzidzi. Kuseri kwa matabwa kunangoti zii, ndipo ine amene ndimawadziwa ndinadziwa kuti m'mutu muja mwalowa chinthu.

M'mawa mwake analowa m'shopu mwanga n'kutseka chitseko.

"ATelala, ndikufuna ndikusungitseni kanthu. Si kolemera. Ndi liwu limodzi."

"La m'chikwama chija? Mwana wanu sanati musauze munthu?"

"Anati ndisapereke kiyi. Liwu limodzi si kiyi, ndi dzino limodzi la kiyi. Mungatsegule chiyani ndi dzino limodzi?"

Anandinong'oneza liwulo, lalifupi ndithu, ndipo anandibwerezetsa chilembo ndi chilembo mpaka linakhazikika. Anandilumbiritsa kuti ndisalilembe paliponse, ndisauze ngakhale amuna anga. Potuluka anatembenuka n'kunena kuti, "Mumsewu monse muno, amene ndimamukhulupirira zenizeni ndinu."

Ndikuuzeni zoona, ndinayenda mapewa ali m'mwamba sabata yonse. Kukhulupiriridwa ndi munthu amene sakhulupirira loko si chinthu chamasewera. Ndinadziwa kuti payenera kukhala ena khumi ndi mmodzi, ndipo ndinkawayang'ana anthu mumsewu n'kumaganiza kuti kaya ndi uyu, kaya ndi uyo. Patapita masiku ndinamva fungo la pepala lopsa likuchokera pa kambaula kawo kootchera mtovu. Ndondomeko ya mawuwo, loyamba liti lachiwiri liti, inatsala m'mutu mwawo mokha.

Kuyambira pamenepo munthu ananenepanso. M'mawa uliwonse ankagogoda pa matabwa. "Lilipo?" Ine ndimati, "Lilipo." Mwana wawo akafunsa pafoni ngati pepala lija lasungidwa bwino, ankayankha kuti lili pamalo poti chiswe sichifika. Ndalama zinkalowa mwezi ndi mwezi. Mwini nyumba anali atanena kale mtengo, ndipo mayi aja anali atayamba kundifunsa za nsalu ya makatani atsopano.

AMaloko anatisiya m'mawa wina, ali pantchito. Ndinangomva tupa yasiya kulira pakati pa kiyi. Ndinagogoda pa matabwa, sanayankhe. Nditazungulira ndinawapeza atatsamira tebulo ngati akuyang'anitsitsa ntchito yawo, kiyi wodula theka ali chimangire pa chopanira.

Maliro atatha, mwana wawo asanapume n'komwe ulendo wake wautali, foni ija inagwa m'manja mwa alamu awo a malemu, bambo wodziwa zonse amene sanakonzepo kanthu n'kamodzi komwe. Anati pini ya munthu wamkulu sivuta. Anayesa chaka chobadwa, chaka cha ukwati, nambala ya nyumba. Mtsikana uja akutuluka m'bafa anapeza foni ikumupatsa moni ngati yatsopano ya m'sitolo.

"Amalume, mwachita chiyani?"

"Yangozima yokha. Mafoni a masiku ano."

Mwanayo anapuma mozama. "Palibe kanthu. Ndalama sizikhala m'foni. Tingopeza pepala la adadi, zonse zibwerera."

Anasanthula nyumba yonse. Anatsitsa siling'i, anang'amba matiresi, anakumba pansi pa mtengo wa mapeyala. Anapeza makiyi odzaza ndowa, mabatire a wailesi, ndi supuni zimene mayi ankaganiza kuti zinabedwa kalekale. Ine ndinapirira tsiku limodzi, lumbiro likundiluma, kenako ndinapita kukaulula kuti pepala linapsa ndipo liwu limodzi lili ndi ine.

Mtsikanayo anakhala pansi pomwepo pakhonde. Koma ndi namwino, sachedwa kudzuka. Anati uthenga uyende mumsewu monse: aliyense amene adadi anamusungitsa liwu abwere kunyumba Loweruka masana.

Ine ndinapita ndikuyembekeza kukapeza anthu khumi ndi mmodzi. Ndinapeza bwalo ladzaza. Wometa analipo, wogulitsa makala, wokonza njinga, mayi wa tomato, mlonda wa pa sitolo ya mankhwala, kondakitala wa basi amene aMaloko ankakangana naye tsiku ndi tsiku za chenje. Kumbuyo, chipewa chili m'manja, kunaima mwini nyumba, nayenso ndi liwu lake. Titawerengana tinapitirira makumi atatu.

"Mawu ndi khumi ndi awiri okha," anatero mwanayo, mawu ake atachepa. "Enanu muli ndi chiyani?"

Apa m'pamene ndinakumbukira wakuba wa pafoni uja ndi chitini cha polishi. AMaloko anali atagawa mawu enieni khumi ndi awiri, n'kuwasakaniza ndi abodza ambirimbiri, kuti wakuba akatizungulira tonse asadziwe mpunga ndi mankhusu.

Mukuganiza anthu anayamba ndi kulira nyumba? Ayi. Anayamba ndi kukangana za ulemu wawo.

"Langa ndi lenileni," anatero wometa. "Munthu ndamuyendetsa lezala pakhosi zaka zonsezi, angandipatse labodza?"

"Ine anandiuza kuti mumsewu monse muno amene amamukhulupirira ndine," anatero wa makala.

"Bodza! Mawu amenewo anauza ine!" anakuwa mayi wa tomato.

Bwalo lonse linaphulika. Aliyense anauzidwa chimodzimodzi, mpaka kondakitala. Ine manyazi anandigwira ngati ndavala diresi mozondoka. Ndinakwiya nawo aMaloko tsiku limenelo, ndipo ndinakwiyanso kwambiri poona kuti sindingazungulire khoma kukawalalatira.

Mwanayo anatikhazika pamzere, aliyense n'kumunong'oneza liwu lake. Mayi wa tomato anali ndi awiri, ati lachiwiri aMaloko anamupatsa atawaonjezera tomato. Wokonza njinga anali ataiwala lake, ankangokumbukira kuti linali lokoma kutchula. Ena anati panalinso mlonda wakale amene anamwalira chaka chatha, ndi mphunzitsi wina amene anasamutsidwa, onsewo aMaloko ankawagogodera m'mawa. Mawu ena foni inawakaniratu kuti si a mtundu umenewo, eni ake n'kuchoka atazolika. Koma otsalawo anali ochulukabe, ndipo loyamba liti, lomaliza liti, palibe ankadziwa.

Anayesa mtsikana uja. Anadula timapepala n'kumatisuntha patebulo, uku ndi uku, mpaka tchuthi chake chinatha. Anafunsa anthu odziwa makompyuta kumene amagwira ntchito, ndipo anamuuza kuti likanasowa liwu limodzi kapena awiri akanayesa, koma izi ngakhale zidzukulu zake sizidzamaliza. Alamu aja anabwera ndi nambala ya katswiri wina wa pa intaneti amene ati amatsegula chilichonse bola mulipiretu. Mwanayo anangowayang'ana, iwo n'kubweza foni m'thumba.

Chopweteka kwambiri n'chakuti ndalamazo zimaoneka. Adiresi ija anali nayo, ndipo akailemba pafoni yake zonse zinkatuluka pagalasi, zosasowa ngakhale pang'ono. Anawaonetsa mayi ake ine ndili pomwepo.

"Ndiye zilipo?"

"Zilipo, amayi."

"Zokwana nyumba?"

"Zokwana."

"Nanga osazitenga bwanji?"

Mwanayo anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali.

Titatsala awiri ndinafunsa chimene chinkandidya. "Mayi, inu simunanong'oneze kanthu. Lanu liwu ndi liti?"

"Ine ndilibe."

"Kondakitala ali nalo, inu mulibe?"

"Ndinawapempha," anatero mayiwo akupinda thaulo pamiyendo. "Ndinati abambo, anthu mukuwasungitsa mawu, ine bwanji? Anati wakuba akalowa m'nyumba amamenya amene akudziwa. Anati iwe usadziwe kanthu, kuti munthu asadzakukhudze." Anaseka pang'ono. "Ndipo taonani, palibe wandikhudza."

Ine wolongolola ndinangowagwira dzanja, tonse awiri n'kumalira, aliyense akuyang'ana kwake.

Mwini nyumba anadikira kuposa mmene analonjezera, koma nayenso anali ndi mavuto ake, ndipo kuti mwanayo ayambirenso kusonkhanitsa zikanatenga zaka. Nyumba inagulidwa ndi anthu ena. Mayi aja anakwera lole pamodzi ndi katundu wawo kupita kwa mng'ono wawo, kutali, kukakhala m'chipinda chimodzi ndi adzukulu a eni ake. Tonse a mawu tinaima mumsewu kuwatsanzika, anthu oposa makumi atatu, aliyense atanyamula m'mutu kachidutswa ka nyumba yawo, koma wopanda chowapatsa.

Mumsewu mwathu tsopano mwazizira. Shopu ija analowamo wogulitsa zikwama za mafoni, amene amaliza nyimbo tsiku lonse ndipo sagogoda pa khoma. Munthu akataya kiyi amangothyola chitseko. Za mawu aja sitikambirana, koma tikakumana ndi wometa kapena wa makala timayang'anana mwa mtundu wina, ndipo palibe amene anauzapo mnzake lake. Mwezi watha mayi wa tomato anandiimitsa panjira, maso ali ofiira, n'kunena kuti limodzi mwa awiri ake aja lamuthawa, wayesa kulikumbukira koma silikubwera. Ndinamuuza kuti asadandaule, mwina linali labodza. Anandikwiyira, mpaka pano sakundilankhula.

Langa ndikadali nalo. Ndimalitchula chamumtima m'mawa uliwonse ndikamalowetsa ulusi pa singano, chilembo ndi chilembo monga anandiphunzitsira. Mwina ndi dzino lenileni la kiyi wa nyumba ya mayi aja, mwina analitola pa paketi ya misomali. Wondiuza palibe, ndipo ndikuopa kuliiwala.